Loji yomwe tinagona ku Livingstone ndi gaidi yemwe anawagwira dzanja abambo anga pa mathithi

Chibwerereni ku Zambia kuja komwe tinakaona mathithi a Victoria ku Livingstone anthu akungondifunsa, ena pa WhatsApp ena akabwera kudzagula zitenje pa shopu pano pa Nchalo, kuti asisi munagona kuti, kodi kumeneko si kwa azungu okhaokha, nanga munthu wa kwacha yathuyi angakwanitse? Nde ndati ndilembe kamodzi zonse, zabwino ndi zomwe zinandinyansa zomwe. Dzina la loji sindilemba pano chifukwa ndili ndi madandaulo angapo ndipo sindikufuna kuwaonongera bizinesi amayi omwe anatisamala ngati abale awo, koma ndi kaloji kakang'ono ka zipinda zochepa, mukachoka mu msewu waukulu wa Mosi-oa-Tunya Road kulowera mbali ya ku Maramba, geti yobiriwira, pabwalo pali mitengo ya mango iwiri.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe tinapitira, chifukwa popanda chimenecho simumvetsa bwino chomwe ndikuwayamikirira anthu amenewa. Ine ku Lusaka ndimapitapita kukapikula katundu ku Kamwala, koma kupitirira kumwera ndinali ndisanafikeko. Abambo anga ndi a kwa Maseya ku Chikwawa, zaka zawo zadutsa 70, amayenda ndi ndodo chifukwa bondo lakumanzere limawavuta. Kuyambira tili ana akhala akutiuza kuti magazi athu mbali ina ndi a Makololo, anthu aja anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, ndipo iye atachoka cha m'ma 1864 iwo anatsala kuno kuchigwa, nakwatira akazi a Chimang'anja mpaka ena kukhala mafumu, a Kasisi, a Katunga, a Maseya, a Mlilima. Amati agogo awo ankanena za madzi ogunda ngati mabingu omwe utsi wake umaoneka munthu uli kutali. Amayi atamwalira chaka chathachi abambo anangokhala chete, tsiku lonse pakhonde, wailesi osatsegula, nde ndinangoti ulendo uno wa katundu ndiwatenga tikafike kumeneko basi ndalama ndi zosaka.

Za ulendo sindichulutsa, ndi wautali ndipo musanamizidwe. Minibasi kuchokera pa Nchalo kukwera Thabwa mpaka Blantyre, basi mpaka Lilongwe komwe tinagona kwa achimwene, mmawa mwake basi ya ku Lusaka yodzera ku Mchinji. Pa boda ya Mchinji ndi Mwami panopa zonse zimachitikira malo amodzi, ife a Malawi viza sitilipira, pasipoti yokha ikhale ya moyo. Kenako Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, kufika Lusaka kutada. Kuchokera pa depoti ya mabasi ya Intercity ku Lusaka kukafika ku Livingstone ndi makilomita pafupifupi 480, kudutsa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo. Pa Mazabuka abambo anadzuka n'kuyamba kuseka koyamba pa ulendo wonse, chifukwa minda ya nzimbe inangoti mbuu mbali zonse ngati tabwerera pa Nchalo, akuti mwana wanga tayenda masiku atatu kudzaona nzimbe za kwathu zomwe?

Loji ndinaipeza kudzera mwa mnzanga wa ku Kamwala, ndinangowalembera pa WhatsApp kuti tikubwera anthu awiri, mmodzi ndi wachikulire. Sanafunse dipoziti. Anangofunsa kuti wachikulireyo amakwera masitepe kapena ayi, ndipo funso limenelo lokha linandikhazika mtima pansi chifukwa palibe loji ina yomwe inandifunsapo zimenezo chiyambireni kuyenda kwanga. Basi yathu inachedwa tinafika usiku, koma mwana wawo wamwamuna anali akutidikira pa depoti ndi galimoto, sanatilipiritse. Amayi eni ake ndi Atonga koma Chinyanja amalankhula bwinobwino, cha ku Lusaka chija cha nifuna, nabwela, timamvana popanda vuto lililonse. Abambo amawatchula kuti ba tate, n'kugwada pang'ono powapatsa moni, abambo nawo akuti zikomo mayi, zikomo mayi, chipewa chili mmanja.

Zipinda. Tinatenga ziwiri zoyandikana, zonse pansi palibe sitepe ngakhale imodzi. Ukhondo ndiwapatsa ulemu wawo, zofunda zonunkhira sopo, bafa ndi toileti mkati momwemo, thaulo loyera, ndipo neti ya udzudzu inalibe bowo ngakhale limodzi, ndinayang'ana dala ndi tochi ya pafoni chifukwa ife akuchigwa nkhani ya udzudzu sitimasewera nayo. Matiresi a mchipinda changa anali atalowa pakati pang'ono koma a abambo anali abwino, ndikuganiza anachita kusankha. Fani ilipo, eyakoni mulibe. Ife tinapita mu Epulo nde fani sitinaisowe kwenikweni, mmalo mwake mmawa kumazizira moti abambo anavala juzi. Tauni imeneyi ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kwathu kuchigwa, monga ku Nsanje, sitifika ndi 100 yomwe, nde chomwe iwo amati kwatentha ife timangoti kuli bwino. Komabe amayiwo ananena okha kuti mu Okutobala kumaotcha zedi.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, ndinene mosabisa. Choyamba magetsi. Ku Zambia nakonso amazima, ndipo lojiyi ili ndi sola yongoyatsa mababu ndi kutchaja mafoni pa risepishoni basi, fani imaima, firiji imaima. Usiku wachiwiri anazima kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Vuto la magetsi si la iwo ndikudziwa, koma akanatiuza pa WhatsApp paja tisanabwere, munthu ubwere utakonzeka. Chachiwiri giza ya ku chipinda cha abambo sinagwire ntchito masiku onse atatu. Tsiku loyamba abambo anasamba madzi ozizira osanena kanthu, anthu akale sadandaula kwa eni nyumba, ine ndinadziwa nditawaona akunjenjemera pa tiyi. Nditakanena anapepesa kwambiri ndipo kuyambira pamenepo mtsikana wantchito amabweretsa ndowa ya madzi otentha 6 koloko mmawa komanso madzulo osachita kumuuza, izo ndayamika, koma giza ikonzedwe basi chifukwa mtengo wa chipinda tinalipira wa madzi otentha a mu shawa. Chachitatu Wi-Fi imangogwira ukakhala pampando wa pafupi ndi risepishoni, mchipinda ziii. Ine ndinali ndi laini ya ku Zambia kale nde ndimangogula bandulo, koma amene mulibe mugule simu mukangolowa.

Chachinayi ndi chomwe chinandipweteka mtima kwenikweni. Tsiku lopita ku mathithi galimoto ya pa loji inali itapita kwina nde anatiitanira takisi ya munthu wina, pa risepishoni anandiuza mtengo wopita ndi kubwera, koma pobwera dalaivala anati ayi umenewo unali wopita wokha, n'kuyamba kukweza mawu pamaso pa abambo anga. Ndinalipira kuti nkhani ithe, sindikanalola kuti munthu wamkulu aime padzuwa kumamvera mkangano. Amayi a pa loji atamva anandibwezera theka kuchokera mthumba mwawo ndipo anati munthu ameneyo sadzamuitananso. Langizo langa, mtengo wa takisi mugwirizane ndi dalaivala mwini wake musanakwere, munene momveka kuti kupita ndi kubwera, ndipo ngati akudikirani munenenso kuti maola angati. Kuchokera mtauni kukafika pa geti ya mathithi ndi makilomita ngati 10 basi, si patali, koma wapansi musayerekeze, amayiwo anatiletsa kuti msewu umenewo umadutsa mmbali mwa paki ndipo njovu zimaoloka nthawi ina iliyonse makamaka chilimwe.

Chakudya. Kadzutsa ali mu mtengo wa chipinda, koma ndi wa mbalame, masilaisi awiri a buledi, dzira limodzi, tiyi. Munthu woti ukayenda tsiku lonse sungakhute. Chomwe chinatipulumutsa n'choti amalola alendo kuphika okha ku khitchini yakuseri, mapoto mbale mbaula zonse zawo, iwe umangogula makala ndi ndiwo. Apa mpomwe ndalama zimapulumukira abale, chifukwa malesitilanti a mu msewu waukulu mitengo yake ndi ya anthu obwera ndi madola. Ndinapita ku msika wa Maramba ndi mtsikana wa pa loji uja, msika weniweni wa anthu, tomato, kapenta, nyemba, makala, salaula, chilichonse. Ndinagula nsomba zomwe iwo amangoti bream, maonekedwe ake ngati makakana athu a ku Elephant Marsh koma zazikulupo, ndinakazinga ndekha abambo anadya mpaka kupempha ina. Ufa wawo woyera amautchula kuti breakfast, wa mgaiwa amati roller meal, nde mukamva munthu akuti nikagule breakfast musadabwe. Usiku womaliza amayiwo anatiphikira okha ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera ngati zathu zomwe koma nsinjiro zake amathira mosaumira, ndi chikanda chomwe abambo poyamba amayesa nyama. Sanatilipiritse chakudya chimenecho.

Koma chomwe ndalembera zonsezi ndi gaidi. Lojiyi ili ndi mnyamata yemwe amaperekeza alendo ku mathithi, umamulipira payekha, ndalama yake si yambiri poyerekeza ndi makampani akuluakulu aja. Ine poyamba ndimafuna kukana, ndimati njira zili ndi zikwangwani tiyenda tokha, ndipo zoona munthu wamphamvu zake atha kuyenda yekha osasochera. Koma ndi munthu wachikulire, mu Epulo madzi atadzadza, mutengeni gaidi. Mnyamatayu ndi Mlozi, wa zaka mwina 30, wofatsa, ndipo asananyamuke anayang'ana nsapato za abambo n'kunena kuti izi ziterereka, anakawabwereka zina za labala kwa mlonda. Anatipatsa majumbo okulungira mafoni ndi mapasipoti. Anatiuza kuti tisanyamule chakudya mmanja chifukwa anyani a pamenepo saopa munthu, ndipo tinaonadi ndi maso nyani wamkulu akulanda jumbo ya mabisiketi kwa mayi wina pa geti pomwepo.

Polowa pamalipiridwa, a ku Zambia mtengo wawo ndi wotsika, ife akunja wokwera, pasipoti imafunika. Ndalama musinthiretu ku banki kapena ku bureau, kwacha ya ku Zambia ndi yamphamvu kutalitali kuposa yathu nde mtolo womwe mwanyamula kuchokera kuno ukasinthidwa umasanduka timapepala tochepa, mtima umachita kugunda. Marenikoti amabwereketsa pomwepo, tinabwereka, koma ndinene zoona, mu Epulo renikoti imangothandiza pang'ono. Munyamule zovala zosinthira.

Phokoso limayamba kumveka musanaone kanthu. Abambo anaima mnjira n'kufunsa kuti kodi kukubwera mvula? Kumwamba kuli mbee dzuwa likuswa. Gaidi anangomwetulira n'kuti ba tate ndi madziwo amenewo. Kenako mitengo inatseguka tinafika poonera poyamba, mbali yomwe amati Eastern Cataract, aaa abale ine ndakulira mmbali mwa Shire, ndaona madzi osefukira a 2015, ndaona a Freddy mu 2023 akukokolola midzi, ku Kapichira ndinapitako ndili pa sukulu, ndimaganiza kuti madzi ndimawadziwa. Koma mtsinje wonse wa Zambezi, mulifupi mwake mamita opitirira 1,700, kungofika pamphepete n'kugwera mu chiphompho cha mamita opitirira 100, utsi wake kukwera kumwamba n'kumagwanso ngati mvula ya mu Januwale, utawaleza uli pansi pa mapazi ako osati kumwamba, ine miyendo inachita kulefuka. Madzi a kwathu akachuluka chonchi amabwera ndi maliro, nde thupi langa limangondiuza kuti thawa, zinanditengera kanthawi kuti ndivomere kuti awa akudutsa njira yawo ndipo sakubwera kunyumba kwa munthu.

Gaidi sanathamangire kutiuza manambala. Anatisiya kaye tione. Kenako mpomwe anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, kuti Livingstone anafika pamenepa mu Novembala 1855 pa bwato, anaima pa kachilumba kali pamphepete penipeni komwe lero amati Livingstone Island, n'kuwapatsa mathithi dzina la mfumukazi ya kwawo Victoria, koma eni dera anali ndi maina awo kale. Nde anati dzina loti Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda, ndi la chilankhulo cha Makololo, anthu a mfumu Sekeletu omwe anamuperekeza mzunguyo kudzafika pano. Abambo atamva mawu oti Makololo anatembenuka n'kumugwira mkono mnyamata uja, akuti mwati chani mwana wanga? Nde anamufotokozera za kwa Maseya, za a Kasisi, za agogo awo. Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa, anati iye amadziwa kuti Chilozi chomwe amalankhula chinachokera kwambiri ku chilankhulo cha Makololo, koma zoti ena anakathera ku Malawi n'kukhala mafumu anali asanakumanepo ndi mdzukulu wawo ngakhale mmodzi pa zaka zonse zomwe wakhala akuperekeza alendo. Anavula kapu, anaomba mmanja mwa kwawo atawerama, n'kuwauza abambo kuti ndiye kuti mwabwera kwanu.

Ine pamenepo ndinalira, sindibisa. Abambo sanalire koma anakhala nthawi yaitali atagwira chitsulo cha mpanda, madzi akutsika kumaso, milomo ikuyenda ngati akulankhula ndi munthu.

Pali kamlatho kakang'ono kachitsulo ka anthu oyenda pansi komwe amati Knife Edge Bridge, kali moyang'anizana ndi mathithi, pansi pake phompho mbali zonse. Nyengo imeneyi pamenepo ndi ngati walowa mu shawa yotsegula mpaka kumapeto, kutsogolo sukuona, pansi pakuterera. Ine ndinati abambo tiime pano tabwerera, koma iwo anati ndafika kale ndioloka. Gaidi sanawakanize komanso sanawakokomeze, anandipatsa ine ndodo yawo, iye n'kuwagwira dzanja limodzi, lina abambo atagwira chitsulo, phazi limodzi phazi limodzi, akuwalankhula kukhutu njira yonse. Anthu ena kumbuyo amafuna kudutsa mwachangu iye amangowakweza dzanja kuti dikirani. Tinaoloka. Kutsidya abambo anali atanyowa mpaka mkati koma akuseka ngati mwana, kuseka komwe ndinali ndisanakumve chimwalirireni amayi. Ntchito ngati imeneyi ilibe risiti, ndinamupatsa mnyamatayo ndalama yoonjezera ndipo ndikanakhala nazo zambiri ndikanamupatsanso.

Ku Boiling Pot, kunsi komwe madzi amazungulira ngati mphika ukuwira, sitinatsikeko. Gaidi ananena mosapsatira kuti kutsika n'kosavuta koma kukwera pobwera bondo la abambo silingalole, ndipo ndinakonda kuti sanatinamize pofuna kutisangalatsa. Devil's Pool ija mumaiona pa zithunzi anthu akusambira pamphepete, nyengo ya madzi ambiri imakhala yotseka, amatsegula madzi akaphwera chilimwe, komanso mtengo wake ndi wa madola. Nde musankhe, mukapita Marichi mpaka Meyi muona mphamvu ya madzi koma utsi umaphimba zambiri ndipo zithunzi zimavuta, mukapita Okutobala kapena Novembala mbali ya Zambia madzi amachepa kwambiri mpaka malo ena kumangooneka thanthwe. Gaidi anati Juni ndi Julayi mpomwe zonse ziwiri zimakumana bwino.

Titasintha zovala anatitengera pa mlatho waukulu wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Ngati simukulowa mu Zimbabwe mumangopempha kapepala ka pa mlatho ku ofesi ya boda, mukayenda n'kubwerera. Mlathowu unatha kumangidwa mu 1905, zitsulo zake zinapangidwa ku England n'kubwera pa sitima yapamadzi kudzera ku Beira, inali mbali ya maloto a Cecil Rhodes a njanji yochokera ku Cape mpaka ku Cairo, ndipo mpaka lero pamadutsa sitima, mathiraki ndi anthu apansi. Abambo atamva Beira anati ndiye zinadzera kufupi ndi kwathu. Pakati pa mlatho mpomwe achinyamata amadumpha atamangidwa chingwe kumiyendo, mamita 111, abambo anaonera mtsikana mmodzi akudumpha n'kutembenuka kumbali akuti makolo ake akudziwa zimenezi? Pamlathopo ogulitsa ndi ambiri ndipo amakakamira, zosema, zibangili, ndi ndalama zakale za ku Zimbabwe zija mpaka ya 100 trillion. Gaidi amangowauza mwaulemu m'chilankhulo chawo kuti awa ndi alendo anga asiyeni, amatisiya. Zosema ngati mukufuna mukagule mtauni pa msika wa Mukuni Park, mumasankha modekha ndipo mtengo mumanenerera.

Tili pamlatho pomwepo mpomwe abambo anafunsa kuti madziwa akupita kuti. Gaidi anati ku Kariba, kenako Mozambique. Apo abambo anamulanda nkhani, akuti imani ndikuuzeni ine, akachoka ku Kariba apita ku Cahora Bassa, adutsa Tete, afika ku Mutarara pa mlatho wa Dona Ana, kunsi kwake pang'ono akumana ndi Shire wathu yemwe wadutsa pa Chikwawa, pa Chiromo, pa Nsanje. Akuti madzi omwe andinyowetsa lerowa akakumana ndi madzi omwe amayi ako amachapira. Mnyamata uja anatulutsa foni n'kulemba maina onsewo kuti azikawauza alendo ena.

Tsiku lotsatira tinapita ku Livingstone Museum, ili mu msewu waukulu momwemo, kuchokera pa loji takisi mphindi zochepa. Ndi yakale kuposa zonse mu Zambia, inayamba mu 1934. Muli makalata olemba Livingstone mwini wake ndi katundu wake wina, komanso mbiri ya mitundu ya anthu a mdzikomo. Abambo anakakamira pa mapu a maulendo ake, chala chili pa Shire, kundionetsa pomwe sitima yake inalephera kupitirira mu 1859 chifukwa cha mathithi a Kapichira. Tauniyo payokha ndi yabata, nyumba zambiri zakale za nthawi ya atsamunda zokhala ndi makhonde aatali, chifukwa inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pomwe likulu linasamukira ku Lusaka. Anthu ake ndi aulemu, sitinaberedwe kalikonse, madzulo timayenda pang'ono pafupi ndi loji popanda mantha.

Zokwera boti madzulo pa Zambezi kukaona dzuwa likulowa a pa loji anatiuza, amagulitsa matikiti ake, koma mtengo unali wa madola ndipo abambo anati mvuu ndi ng'ona ndaziona moyo wanga wonse pa Shire, ndalama imeneyo ukagulire katundu wa shopu. Amayi aja sanatikakamize ngakhale kuti pamenepo amapezapo kangachepe. Ena akanatinyengerera mpaka titalipira.

Nde pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha giza, kadzutsa wochepa uja, ndi kusatichenjeza za magetsi. Amene mukufuna swimming pool, eyakoni ndi bafe ya chakudya, malo ano si anu, pitani ku mahotela a mmbali mwa mtsinje mukonzekere madola. Koma ngati muli ngati ine, thumba la bizinesi yaing'ono, mwatenga kholo kapena ana, mukufuna pogona paukhondo, pophika nsima yanu, ndi anthu omwe amuone kholo lanu ngati munthu, pitani. Masiku atatu amakwana, limodzi lopuma ulendo, limodzi la mathithi ndi mlatho, limodzi la mtauni. Magulu a banki mkhonde omwe mumandifunsa aja, zipinda ndi zochepa nde muwauziretu msanga.

Mmawa wonyamuka gaidi uja anabwera kudzatsanzika ngakhale sinali ntchito yake tsiku limenelo. Abambo anamufunsa kuti zikomo m'Chilozi amati chani, iye anati ni itumezi, abambo anabwereza katatu mpaka anakhoza, kenako anamuphunzitsa takhuta wa Chisena cha kwawo kwa malemu amayi ku Nsanje. Anamulembera pa kapepala njira yonse, Blantyre, Thabwa, mlatho wa Kamuzu, kuti akadzabwera ku Malawi adzafike kwa Maseya adzaone abale ake. Sabata yathayi mnyamatayo anatumiza voice note pa foni yanga kufunsa za bondo la ba tate, ndinapita nayo kumudzi Loweruka, abambo anaimvera kanayi, kenako anaitana a Gulupu ndi anzawo awiri a pa bawo kuti nawonso adzaimve.